Mafilimu a Chijeremani akundithamangira, ndiyambire pati?

Tadala92:

Moni nonse. Ndikuphunzira Chijeremani, mayeso a mlingo wa A2 (milingo ya chilankhulo imakwera A1, A2, B1, B2) ndinakhoza, pano ndikulimbana ndi B1. Ndikufuna kufika B2 chifukwa cholinga changa ndi maphunziro a unamwino ku Germany, ndipo malo ambiri amafuna mlingo umenewo.

Vuto langa ndi makutu. Aphunzitsi akamalankhula m'kalasi ndimamva bwinobwino. Nkhani za Deutsche Welle, nyumba youlutsa mawu ya ku Germany, zowerengedwa pang'onopang'ono zija ndimazitsatiranso. Koma ndikangoika filimu, mawu onse amamatana. Ndinayesa Good Bye, Lenin! poti aliyense amaitchula. Ndikagwira liwu limodzi n'kumaliganizira, anthu adutsa kale patali. Chinanso chimene chikundiwawa n'chakuti ngakhale pomwe mawu ndawamva onse, nkhani yake sindiimvetsa. Mnyamata uja akuvutikiranji chonchi kufunafuna mtundu umodzi wa nkhaka za m'botolo, pomwe m'sitolo mwadzaza nkhaka zina?

Ndiye ndikufunsa inu amene munadutsamo. Mawu olembedwa m'munsi aja ndiziika a Chingelezi kapena a Chijeremani? Nanga munthu wa pa mlingo wanga ayambire mafilimu ati?

Nabanda_Leipzig:

Achemwali, funso la nkhaka limenelo ndilo lalikulu, ndiyamba ndi limenelo.

Dziko la Germany linali logawika pawiri, kum'mawa ndi kumadzulo, kuyambira 1949 mpaka 1990. Khoma la Berlin linamangidwa mu 1961, linagwa pa 9 November 1989, mayiko awiriwo anagwirizana pa 3 October 1990. Mu filimu imeneyo mayi wa Alex, mnyamata mukumunenayo, akomoka mu October 1989 khoma lisanagwe, n'kudzatsitsimuka patapita miyezi 8. Madokotala anena kuti mtima wawo sungapirire nkhani yodzidzimutsa, ndiye mwana wawo akubisa zoti dziko limene mayiwo ankalikhulupirira likutha. Pa 1 July 1990 ndalama ya kumadzulo, D-Mark, inalowa kum'mawa, ndipo katundu wa kum'mawa anasowa m'masitolo, m'malo mwake munadzaza wa kumadzulo. Nkhaka za ku Spreewald zimene mayiwo akupempha ndi za dziko lakale lija. Alex akawapatsa botolo la mtundu wina, bodza lonse liululika. N'chifukwa chake amatola mabotolo akale n'kumathiramo nkhaka zatsopano, n'chifukwa chakenso iye ndi mnzake amajambula nkhani zabodza za Aktuelle Kamera, pulogalamu ya nkhani ya boma la kum'mawa.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno kum'mawa, ndipo ambiri mwa iwo moyo wawo wonse wa ntchito anauthera m'dziko limenelo. Agogo ena ndinkangowasambitsa, kuwadyetsa, kucheza kwake kunali kwa nyengo basi. Tsiku lina ndinatchula filimuyi. Anayamba kundiuza za fakitale imene ankagwirako ntchito, mmene inatsekedwera dziko litagwirizana, za galimoto yawo ya Trabant imene anaidikirira zaka zoposa khumi. Sankalira dziko lakale ayi, ankadziwa kuipa kwake, koma ankafuna wina amve kuti nawonso anali ndi moyo. Inu mukufuna unamwino, anthu amene mudzawasamalire ndi amenewa. Choncho musanaonere filimu ya mbiri, werengani kaye tsamba limodzi za nthawi imeneyo, ngakhale mu Chingelezi. Mukadziwa chimene chikuchitika, makutu amapeza mpata womvera mawu.

Mukamaliza imeneyo onerani Das Leben der Anderen ya mu 2006, ya wapolisi wachinsinsi wa Stasi amene akumvetsera mobisa zokamba za wolemba masewero ku East Berlin mu 1984. Ndi yolemera mumtima, koma anthu amalankhula modekha, ndipo muli nthawi zambiri zachete zoti mupume.

Za mawu a m'munsi, ikani a Chijeremani. A Chingelezi maso amangowerenga, makutu n'kugona.

Kondwani_M:

Amayi a Nabanda anena zoona pa mbiri, koma pa mawu a m'munsi ndisiyana nawo pang'ono. Munthu wa A2 akaika a Chijeremani okhaokha pa filimu ya maola awiri atopa pasanathe theka la ola, mawa sabwererakonso. Ine ndinkaonera kaye yonse ndi a Chingelezi kuti ndidziwe nkhani, kenako n'kusankha kachigawo kamodzi ka mphindi zochepa, kuonera ndi a Chijeremani, kenako popanda chilichonse, kenako kumalankhula pamodzi ndi ochita sewerowo. Dziwaninso kuti zolembedwazo nthawi zambiri amazifupikitsa kuti zikwane, ndiye zikasiyana ndi zimene mwamva musadzikayikire.

Kumatana kwa mawu kumene mukunena kuli ndi chifukwa chake. Polankhula Ajeremani amameza zilembo: "ich habe" imakhala "ich hab", "eine" imakhala "ne". Amawazamonso timawu ngati "doch", "mal" ndi "halt" timene m'buku simutipeza kawirikawiri. Ndiye mu ziganizo zoyamba ndi "weil" kapena "dass" mneni amakhala kumapeto. Mukaima pa liwu limodzi losadziwika mumaphonya mneniyo, chiganizo chonse n'kugwa. Lisiyeni lipite, dikirani mapeto.

Poyambira penipeni ndi Nicos Weg ya Deutsche Welle. Ndi yaulere, inapangidwira ophunzira a A1 mpaka B1, ndi nkhani ya mnyamata wochokera ku Spain amene wangofika ku Germany. Njira ina imene anthu amaipeputsa: Ajeremani mafilimu akunja amawaika mawu a Chijeremani, ndipo mawuwo amajambulidwa mu situdiyo, amamveka bwino kuposa a mafilimu awo enieni. Tengani filimu imene mukuidziwa kale pamtima, muisinthe chilankhulo.

Nabanda_Leipzig:

Achimwene a Kondwani, njira yanu ya kachigawo kamodzi ndaivomera, ndi yabwino kuposa yanga. Koma pa mafilimu akunja oikidwa mawuwo ndichenjezeko. Chilankhulo muphunziramo, anthu simuwaonamo. Wolankhula ndi Mjeremani koma thupi, nyumba ndi khalidwe ndi za ku America. Mu filimu ya Ajeremani eni ake mumaona amene amayamba kupereka dzanja, mmene anthu ogwira ntchito limodzi zaka zambiri amaitanirana "Sie" (inu) ndi dzina la bambo, ndiponso kuti kusintha kupita ku "du" (iwe) amayambitsa ndi wamkulu. Ku ntchito kwathu wodwala timamuitana "Sie" ngakhale atafooka chotani, pokhapokha iye mwini atapempha zina. Zimenezi muziona ndi maso musanafike, zidzakuthandizani tsiku loyamba.

Bambo_Gondwe:

Ndiwonjezereko chimodzi, mwanangu. Musadziweruze ndi Tatort, sewero la pa kanema la apolisi ofufuza milandu. Anthu ambiri adzakuuzani kuti muonere chifukwa yakhala ikuonetsedwa pa kanema wa ARD kuyambira 1970, kawirikawiri Lamlungu 20:15 nkhani za Tagesschau zikangotha, ndipo Lolemba anthu amaikambirana ku ntchito. Pofuna kudziwa dziko ndi yabwino, poti gulu lililonse la apolisi lili mu mzinda wake: Munich, Cologne, Münster, Vienna, Zurich. Koma Ajeremani enieniwo amadandaula kuti ochita sewero amang'ung'udza ndipo nyimbo zimaphimba mawu, mpaka makanema a ARD ndi ZDF anayambitsa njira yotchedwa Klare Sprache yochepetsa phokoso kuti mawu amveke. Za ku Vienna zili ndi kalankhulidwe ka ku Austria. Za ku Switzerland ndiye amachita kuziikanso mawu a Chijeremani cha onse kuti anthu a ku Germany amve. Ngati eni ake akuthandizidwa chonchi, inu wa A2 musataye mtima. Isungeni, mudzaitenge mukadutsa B1.

Tadala92:

Zikomo kwambiri nonse. Amayi a Nabanda, nkhani ya agogo aja yandikhudza, sindinaganizepo kuti anthu a mu filimu ija ndi amene ndingadzawasamalire. Ndabwereza pomwe Alex akuthira nkhaka m'mabotolo akale, pano ndikuona kuti mnyamatayo ali ndi mantha. Ndiyamba Nicos Weg ya B1 ndi njira ya a Kondwani. Funso lomaliza: mafilimu a pa ARD Mediathek, tsamba la pa intaneti la ARD, angaoneke munthu ali kunja kwa Germany?

Kondwani_M:

Ena amaoneka, ena amakanizidwa chifukwa cha malamulo a umwini, makamaka mafilimu akuluakulu. Nkhani za Tagesschau zimatseguka. Nicos Weg ili pa tsamba la Deutsche Welle pamodzi ndi mafunso oyeserera pa kachigawo kalikonse, ilinso pa YouTube yathunthu ngati filimu imodzi pa mlingo uliwonse. Ine ndikanati muyambe ya A2 ngakhale munakhoza kale, popanda mawu a m'munsi, muone ngati makutu akutsatira. Akatsatira, pitani ku B1.