Ndani anaonerapo Soweto TV masiku ake oyamba?

Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni. Mwana wanga wapatsidwa ntchito kusukulu yoti alembe mbiri ya wayilesi ya kanema ya m'dera, ndiye wasankha Soweto TV.

Zomwe tapeza n'zakuti inayamba kuulutsa tsiku ndi tsiku mu 2007, italandira chiphaso kuchokera ku ICASA, bungwe loyang'anira mawayilesi muno, ndipo Cape Town TV inatsatira mu 2008. Pa DStv ili pa 251. Koma aphunzitsi akufuna mawu a anthu amene anaionera ndi maso awo, ndipo ine ndagwirizana nawo, chifukwa mbiri ya wayilesi yaing'ono ngati iyi ili m'mitu ya owonera.

Akuluakulu amene munafika kale kuno, kodi ndi eriyo wamba, wopanda dishi, inkagwira mpaka kuti? Ku Orlando ndi ku Diepkloof n'zodziwikiratu, nanga ku Rosettenville, Yeoville kapena Diepsloot, kumene ambirife timachita lendi? Ndi mapulogalamu ati amene ankakukhazikani pansi, a maliro, a mapemphero kapena nkhani za m'makwalala? Inkatchulako ife obwera?

Ngati alipo anagwirako ntchito, ngakhale yongodzipereka, chonde andiuze. Mwanayo ndibwera naye Loweruka kapena Lamulungu, tidzacheze.