Ndapeza rigi ya parachuti ya sekondi handi, ndigule kapena ndidikire kaye?

Kabawi31 analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndangotenga kumene layisensi A ya kudumpha mundege ndi parachuti, majampu anga afika 31, ndipo kunena zoona ndatopa nako kubwereka rigi (chikwama chovala kumsana chokhala ndi maparachuti), lero upeza yomwe unazolowera ija wina watenga kale, mawa akupatsa ina malamba ake akuluma m'ntchafu mpaka ukamatera miyendo ili dzanzi. Ndiye pali mkulu wina akugulitsa yake yonse pamodzi, kontena (chikwama chenichenicho ndi malamba ake) ya Javelin, main (parachuti yodumphira nthawi zonse) ndi Sabre2 170, rizevu (parachuti ya pangozi) ndi 160 ya kampani ya PD, ndi CYPRES (mtundu wa AAD, kamakina kotsegula rizevu pakokha) mkatimo. Akuti main yadumpha ka 600 koma buku lake sanandionetse, wangoti ili bho mwana, tenga usachedwe pali enanso akuifuna. Ine ndimalemera makilo 78 ndipo pa zobwereka ndakhala ndikudumpha ndi 210, kutera ndimatera bwino ndithu kupatula masiku opanda mphepo pomwe nthawi zina ndimafikira matako kkkk. Kodi 170 ndi yaing'ono kwambiri kwa ine? Nanga pogula ndiyang'ane chani kwenikweni, poti ine maso anga amangoona kuti mitundu yake ndi yokongola basi.

Chimphepo anayankha:

Achimwene, tiyambe ndi masamu chifukwa masamu sanama. Makilo 78 aja ndi inu muli chimake kubafa, koma potuluka mundege mwavala rigi, chipewa, nsapato, jampusuti, ndiye onjezani makilo ngati 12, mwafika 90. Kuchulukitsa ndi 2.2 mupeza mapaundi 198. Tsopano gawani ndi kukula kwa parachuti (manambala aja 210 ndi 170 ndi masikweya fiti). Pa 210 muli pa 0.94, pa 190 muli pa 1.04, pa 170 muli pa 1.16. Munthu wa majampu 31 sayenera kudutsa pa 1.0 kwenikweni, ndiye inu mukufuna kulumpha saizi yonse ya 190 osaiyesa n'komwe.

Ndipo mwanena nokha kuti kukakhala kopanda mphepo mumafikira matako pa 210. Pamenepo ndi pomwe yankho lanu lagona. Parachuti sitisankhira tsiku lija kamphepo kakuwomba bwinobwino kumaso ndipo bwalo lonse ndi lanu, timasankhira tsiku lomwe mwatulukira kutali, simufika pabwalo, pansi pali kamalo kakang'ono pakati pa mitengo ndi mawaya a magetsi, mphepo ikukukankhani kumsana ndipo mtima uli phaphapha. Tsiku limenelo 170 ithamanga kuposa momwe manja anu aphunzirira, ndipo anthu ambiri ovulala masiku ano si oti parachuti inakana kutseguka ayi, inatseguka bwinobwino, anaiwombetsa pansi okha pokhota mochedwa ali pafupi ndi dothi.

Koma chomwe chandiopsa kwambiri ine ndi rizevuyo, palibe amaiganizira. 160 pa mapaundi 198 ndi 1.24. Ndiye kuti tsiku loyamba kudumpha ndi parachuti yaing'ono choncho lidzakhala tsiku lomwe mwangodula kumene main, muli pansi kale, mwina phewa lagweguka, mwinanso mwakomoka AAD ndi yomwe yakutsegulirani ndipo mukutera osagwira mabuleki (zingwe zowongolera parachuti). Rizevu ikhale yoti ingakutsitseni muli chikomokere mukadzuke m'chipatala osati kwina.

MaiZingwe anayankha:

Mwanangu, ine ntchito yanga ndi yopinda marizevu, ndiye ndikuuzani zomwe ndimachita munthu akandibweretsera rigi yoti agule. Choyamba ndalama isatuluke mpaka rigger (katswiri wopinda ndi kukonza maparachuti) wanu, osati wa wogulitsayo, aitsegule yonse. Wogulitsa wachilungamo sakana zimenezo. Akayamba zoti pali enanso akuifuna, asiyeni enawo aitenge.

Ine ndimayambira pa khadi la rizevu, lili m'kathumba kake pa kontena pomwepo. Pamenepo pamalembedwa tsiku lililonse lomwe inapindidwa, anapinda ndani, inatsegukapo mlengalenga kangati. Ku America lamulo la FAA, bungwe loona za ndege, ndi loti rizevu izipindidwanso pa masiku 180 aliwonse kuyambira 2008, kale linali 120, ku Britain ndi miyezi 6, mayiko ena ali ndi awo, ndiye khadi likaonetsa kuti panadutsa zaka zitatu popanda siginecha ndimafunsa kuti rigiyi inali kuti nthawi yonseyo, chifukwa kugona m'kabati youma ndi kugona m'galaja yodontha pafupi ndi batire la galimoto ndi zinthu ziwiri zosiyana. Asidi amadya nayiloni mwakachetechete, mumangoona kadontho kofiirira, kukoka pang'ono nsalu ija phwee. Marizevu a PD ali ndi timabokosi pa lebulo yakumchira, timachonga tikapinda, ikakwana ka 40 kupindidwa kapena ka 25 kutseguka imayenera kukayezedwa ngati nsalu ikadagwirabe mpweya. Werengani timabokosito, nthawi zina timanena zosiyana ndi khadi.

Kenako hanesi, malamba aja omanga thupi. Ndimayenda ndi chala pa lamba aliyense, makamaka pomwe akhudzana ndi chitsulo, m'ntchafu ndi pachifuwa, kufuna ulusi wothothoka, dzimbiri, kapena pomwe mtundu wafwifwa ndi dzuwa. Lamba wofwifwa ndiye kuti mphamvu yake inapita nayo limodzi. Komanso hanesi imasokedwa potengera thupi la munthu, ngati mkuluyo ndi wamtali kuposa inu, handulo zotsegulira ndi zodulira parachuti zikakhala pena pomwe manja anu sanazolowere ndipo mapewa azikuvukani. Muivale, wina akukokereni m'mwamba pa ma riser (malamba olumikiza hanesi ndi zingwe za parachuti) muone pomwe lamba wa pachifuwa akufika, akafika pakhosi si yanu imeneyo.

Main ndiye imanena yokha zaka zake. Nsalu ya ZP (yosadutsa mpweya) yatsopano imaterera ndipo imalira tswatswa, yotopa imakhala yofewa ngati mpango wakale. Ndimaipachika, kulowa mu selo iliyonse kuyang'ana nthiti ndi misoko, pakati pamwamba pomwe pilot chute (kaparachuti kokoka main kuti ituluke) imamangirira ndi pomwe pamayamba kutha chifukwa thukuta la opinda limathera pamenepo. Koma zingwe ndiye nkhani. Ngati ndi za mtundu wa Spectra, silaida (kansalu kochedwetsa kutseguka) ikamatsika zitsulo zake zimakhuza zingwe n'kuzitenthetsa, ndiye zimafupika pang'onopang'ono, makamaka zakunja ndi zamabuleki, mpaka parachuti imasintha kaimidwe, kutseguka kumayamba kuvuta, pofleya (kukoka mabuleki potera) sikunyamulaninso ngati kale. Timayeza ndi tepi kufananiza ndi tchati cha fakitale. Zingwe za Vectran ndi HMA sizifupika koma zili ndi vuto lake, zimatha kuduka zisanakuchenjezeni kwambiri. Pa majampu 600 ngati zingwe sizinasinthidwepo, dziwani kuti mukugula parachuti pamodzi ndi ngongole ya zingwe zatsopano.

Ndipo onani deti ya CYPRES, mundiuze.

Dzombe_Louluka anayankha:

Aaa inunso musamuopseze mwana. Ine ndinagula 170 ndili ndi majampu 40 ndipo ndilipo ndikutaipa pano ndi miyendo yonse iwiri. Ukagula 210 pakatha chaka watopa nayo, uyambenso kusaka wogula, kontenanso yakula. Aise tenga 170 uzingosamala basi.

Chimphepo anayankha:

A Dzombe, mumalemera bwanji inu? Paja tinakumana, mphepo ikawomba kwambiri timachita kukugwirani kkkk. Munthu wa makilo 60 pa 170 ali pansi pa 1.0, nkhani yake ndi ina. Ndipo ngakhale mukanakhala olemera, kupulumuka kwa munthu mmodzi si umboni, amene sizinawayendere saali pano kuti atiyankhe. Zoti atopa nayo, kodi wayesapo kutera mphepo ili chammbali? Kukhota mosatsika kwambiri ali pa mabuleki? Kutera ndi ma riser akumbuyo? Kugwera mkati mwa mamita ochepa pa chandamale kakhumi kotsatizana? Zimenezi akazitha pa 210 apite pa 190, ndipo masaizi amenewa ndi omwe amagulika msanga chifukwa chaka chilichonse pamabwera ongoyamba kumene.

Dzombe_Louluka anayankha:

Makilo 63. Chabwino mwawina, koma za kontena ndanena zoona.

Kabawi31 anayankha:

Zikomo nonse, ndamva ngakhale zikuwawa. Mai, ndawafunsa anditumizire chithunzi cha CYPRES, palembedwa 2011. Zili bwino eti? Nanga ngati kontenayo ndaikonda, sindingangochotsa 170 n'kuikamo 210?

MaiZingwe anayankha:

2011 ndiye yatha ntchito mwanangu, imeneyo ndi yopsinjira mapepala pa tebulo. CYPRES 2 za nthawi imeneyo moyo wake ndi zaka 12 ndi theka, ndipo zimayenera kubwerera kwa opanga ake a Airtec ku Germany kukaunikidwa pa zaka 4 ndi 8. Zopangidwa kuyambira 2017 ndi zomwe zimafika zaka 15 ndi theka. Vigil, AAD ina ya ku Belgium, imafika zaka 20. Ndiye pamtengo womwe akuuzaniwo AAD musaiwerengere ngakhale pang'ono, ndipo rigger aliyense wolongosoka sangatseke rizevu ndi makina otha nthawi. Komanso musadumphe popanda AAD. Kamakina kameneka kamayeza mpweya, kakaona kuti mukugwabe pa liwiro lopitirira mamita 35 pa sekondi muli pa mamita ngati 225, kamadula lupu (kachingwe kotsekera) ya rizevu kuti itseguke. Mumakayatsa pansi pabwalo pomwe mukatere, osati kunyumba kapena m'galimoto panjira, chifukwa pomwe mwayatsira ndi pomwe iko kamati apa ndiye pa ziro, ndipo CYPRES imazima yokha pakatha maola 14.

Za 210 mu kontena ya 170, ayi. Kontena iliyonse inasokedwera mulingo wake, mwina saizi imodzi kukwera kapena kutsika, kupitirira apo mukukakamiza, ma flap satsekeka bwino, bag (kathumba kolowamo parachuti) imatha kukanirira potuluka. Kuchepetsanso kwambiri n'koipa, lupu imakhala lendelende pini n'kusololoka yokha muli pakhomo la ndege. Ndipo mbali ya rizevu ndiye sitinyengerera n'komwe. A Dzombe pamenepa akunena zoona, kontena imakumangani, n'chifukwa chake timayamba kusankha rizevu, kenako main, kontena pomaliza, osati kuyamba ndi mitundu.

Poti mukhala ndi yanu posachedwa, mumve izi, chifukwa pa zobwereka wina amakuchitirani inu osadziwa. Closing loop (lupu yotsekera kontena) ya main muziiona nthawi iliyonse mukupinda, ikangoyamba ubweya sinthani, ndi kachingwe ka mphindi ziwiri koma kakaduka mundege kapena potuluka mavuto ake ndi aakulu. Ndinaonapo mnyamata wina akupinda, lupu itatsala timaulusi towerengeka pomwe imakhudza grommet (kabowo ka chitsulo), ndikumuuza akuti jampu imodzi yokha Mai, ndinangotenga sizasi n'kuidula pamaso pake, anakwiya tsiku lonse koma ndege ija anakwera ndi yatsopano. Pilot chute ngati ili ya kill line (kachingwe koiphwetsa main ikatseguka) muziikoka musanaike bag, muone mtundu pa kawindo ka bridle (lamba woilumikiza ku bag), mukaiponya m'mwamba izigwira mpweya. Kathumba kake ka pansi pa kontena kakatamuka kasinthidwe, handulo isamalendewere.

Mwezi uliwonse masulani ma three ring, maringi atatu omangira main ku hanesi. Bill Booth anapanga zimenezi m'ma 1970 kuti munthu azidula main ndi dzanja limodzi mosavutika, koma lamba wa pa riser akakhala nthawi yaitali osasunthidwa amauma n'kuzolowera kupindika komweko. Mumasolola zingwe zachikasu za handulo yodulira main, kufinyafinya lambayo kuti afewe, kupukuta zingwezo ndi kansalu mpaka zakuda zonse zichoke, kupaka silikoni pang'ono monga buku la kontena yanu likunenera, kenako kubwezeretsa. Koyamba muchite rigger akuona, chifukwa kulowetsa ringi molakwika n'kosavuta ndipo poyang'ana mwachangu zimaoneka ngati zili bwino. Zingwe zamabuleki muzizipotolola madzulo mukamaliza, zimapotana tsiku lonse n'kufupika.

Nthenga_Imodzi anayankha:

Kuwonjezera pang'ono pa zosunga. Dzuwa ndi mdani wamkulu wa nayiloni, mukatera musaisiye parachuti ili tambalale panja inu mukucheza, ikokereni pamthunzi. M'buti ya galimoto yotentha musaisiyemo, malabala a zingwe amanyeka n'kumata. Ikanyowa iyanikeni pamthunzi podutsa mphepo, ikagwera m'madzi amchere itsukidwe ndi madzi abwino kangapo ndipo rizevu ndi AAD zipite kwa rigger. Popinda musakoke kontena pansi, mchenga ukalowa m'zingwe umazicheka mkati.

Ndipo musanakwere ndege zitatu zitatu zija musazisiye poti rigi ndi yanu, maringi atatu, malamba atatu, mahandulo atatu, kenako mnzanu akuonereni mapini onse awiri ndi kaulusi kofiira ka chidindo cha rizevu. Ine lamba wa pachifuwa ndimachita kumukoka ndithu, kungoyang'ana sikukwanira, ndinapezapo wanga nditangomupisa osadutsitsa pa chitsulo tili kale m'mwamba, thukuta lomwe ndinatuluka tsiku limenelo mxm.

Kabawi31 anayankha:

Ndabwera ndi lipoti. Mkulu uja anavomera monyinyirika kuti rigger aione, tinaitsegula dzulo. Hanesi ili bwino koma ndi yaitali kwa ine, atandikoka pa ma riser lamba wa pachifuwa anafika pachibwano penipeni. Zingwe ndi zoyamba zomwe, zamabuleki zafupika moti ngakhale ine ndinaona kusiyana pa tepi, ndipo khadi la rizevu lili ndi mpata wa zaka zinayi womwe mwini wake akuti sakukumbuka. Ndawabwezera. Rigger wati andisakira kontena yolowa 190 ndi 210 yomwe, rizevu isachepere 190, ndipo pakadali pano ndalembetsa kosi ya kayendetsedwe ka parachuti mwezi wamawa. Mai, silikoni uja ndi wa mtundu uti, wopopera kapena wa m'chubu?