Wochotsedwa ntchito ndi womuchotsayo onse abwera kwa ife, tithandize ndani?

Nabanda:
Akuluakulu, ndikufuna nzeru zanu mwachangu. Ofesi yathu ndi yaing'ono. Tilimo athandizi a zamalamulo atatu, ndipo loya wotiyang'anira amabwera mwa apo ndi apo. Timapereka uphungu waulere kwa anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Kunabwera mnyamata wina amene ankagwira ntchito yosoka zovala. Akuti anamuchotsa popanda notisi, ndipo malipiro a miyezi iwiri yomaliza sanawaone. Ndinamumvetsera, ndinatsegula fayilo, n'kumuuza kuti abweretse mauthenga a pafoni amene ankalemberana ndi abwana ake. Tsiku lina ine kulibe, kunafika mayi wina kwa mnzanga. Iwo akuti wantchito wawo wakale akuwaopseza ndi khoti, chikhalirecho anachoka yekha atadya ndalama za makasitomala. Mnzangayo anawamvetsera mpaka kumapeto, ndipo mayiwo anamasuka kwambiri, anaulula ngakhale zinthu zimene sakanazinena pamaso pa woweruza. Tadzazindikira pa msonkhano wathu wounika mafayilo kuti nkhaniyi ndi imodzi. Kaundula sanatichenjeze chifukwa mnyamata anatchula dzina la bizinesi, pomwe mayiwo analembetsa dzina lawo lenileni.

Mayiwo si olemera ayi. Ali ndi makina awiri osokera ndi ngongole. Loya wolipira sangamukwanitse, ndipo ofesi ina yaulere kufupi kuno kulibe. Mnzanga akuti iye apitirize ndi mayi, ine ndi mnyamata, tingosiya kukambirana za nkhaniyi. Zingatheke?

Mbewe:
Mayi Nabanda, zimenezo musayambe n'komwe. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndikufunseni: kabati ya mafayilo muli nayo imodzi kapena ziwiri? Foni ya ofesi ikalira amayankha ndani? Nanga kalata imene mulembere mnyamata yofuna ndalama zake, ndi yankho limene mnzanuyo alembere mayi, adzaziona ndi kuzivomereza ndani? Si loya mmodzi yemweyo? Ndiye kuti munthu mmodzi adzilembera kalata n'kudziyankha yekha. Tsiku limene mmodzi wa awiriwa adzagonje, adzanena kuti munamugulitsa, ndipo mudzasowa chomuyankha ngakhale mutakhala kuti simunalakwe kanthu.

Chisale, loya:
A Mbewe anena zoona, koma ndikuona kuti nkhaniyi ndi yolemera kuposa pamenepo. Funso loti tithandize ndani likusonyeza ngati mmodzi mungathe kumusunga. Mwina onse awiri simungathe.

Chimene chimamanga manja si kutsegula fayilo, koma zimene makutu amva. Mayiwo anaulula zinsinsi zawo akukhulupirira kuti zithera m'chipindamo. Ofesi yanu ikapitiriza kumenyera nkhondo mnyamata, ikhala ikulimbana ndi munthu amene inamumva kale pamene pali pofooka pake. Ngakhale mutalumbira kuti simugwiritsa ntchito zimenezo, funso limodzi lokha limene mungamuuze mnyamata kuti akafunse likhoza kuchokera m'zimene munamva.

Za kugawana anthu mu ofesi imodzi zinayesedwapo kale. Mu 1998 khoti la House of Lords, limene pa nthawiyo linali khoti lalikulu koposa ku Britain, linaweruza mlandu wa Prince Jefri Bolkiah wa ku Brunei ndi kampani yowerengera ndalama ya KPMG. Kampaniyo inali itamugwirirapo ntchito pa milandu yake, kenako inavomera ntchito ina yofufuza nkhani zomukhudza iye yemweyo. Inati yaika malire pakati pa magulu awiri a antchito ake kuti zinsinsi zisadutse. Khoti linakana, linati malire ongokhazikitsa vuto litabuka kale ndi osadalirika, ayenera kukhala mbali ya kayendetsedwe ka ntchito kuyambira kale. Imeneyo inali kampani yaikulu ya antchito ambirimbiri. Inu muli atatu, ndipo mwanena nokha kuti munazindikira pa msonkhano. Ndiye kuti nonse atatu mwamva mbali zonse ziwiri.

Nangondo:
A Chisale, ndikumva, koma mtima wanga sukuvomera. Malamulo amenewo analembedwa poganizira mizinda imene ukakanidwa pa khomo ili umangowoloka msewu n'kugogoda pa lina. Kwa anthu amene timawathandiza ife, tikati pitani kwina ndiye kuti tawauza kuti pitani kunyumba. Mnyamatayo walakwa chiyani? Anabwera koyamba, ananena dzina limene amalidziwa, lero amve kuti sitingamuthandize chifukwa abwana ake anabweranso? Bwana wochenjera atamva zimenezi akhoza kumangozungulira maofesi onse aulere n'kumaulula nkhani yake dala, kuti wantchito wake asowe kolowera.

Lipoti la 2019 la Task Force on Justice, gulu la akatswiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana lounika za kupeza chilungamo, linati anthu pafupifupi 1.5 biliyoni padziko lonse ali ndi mavuto a zamalamulo amene akulephera kuwathetsa. Ambiri mwa mavutowo ndi ngati awa: malipiro, lendi, ngongole, malo, banja. Ndipo chithandizo cha boma m'mayiko ambiri chimathamangira ku milandu ya upandu. Ngakhale mfundo za United Nations za 2012 zimene timakonda kuzitchula, zija zimavomereza ntchito ya athandizi ngati ife, zimakamba za milandu ya upandu. Wochotsedwa ntchito amatsala yekha. Ndiye ifenso timutaye?

Ndinamvapo kuti ku America malamulo a maloya amafewetsa nkhani imeneyi kwa opereka uphungu waulere wachidule.

Chisale, loya:
Achemwali, munamva zoona. Ndi lamulo 6.5 m'malamulo achitsanzo a American Bar Association, bungwe la maloya a ku America. Limati loya amene akupereka uphungu wachidule pa pologalamu ya khoti kapena ya bungwe losachita malonda sakakamizidwa kufufuza kaundula yense asanayankhe munthu. Koma limagwira ntchito pokhapokha iye asakudziwa kuti pali kusemphana. Akadziwa, malamulo onse amabwerera. Choncho mnzawo wa a Nabanda sanalakwe pomvetsera, koma lero akudziwa.

Za bwana wozungulira maofesi dala, zimachitikadi, ndipo ku Americako munthu wobwera ndi cholinga chongotsekera mnzake njira satetezedwa ngati wofuna chithandizo weniweni. Koma mmene afotokozera a Nabanda, mayiwa anabwera ndi mantha, osati ndi chiwembu.

Chimene sindikuvomereza n'choti kusiya kuimira munthu ndi kumutaya. Zimakhala choncho ngati tingomuuza kuti kapezeni loya, n'kutseka chitseko.

Kalua:
Ndilowepo pa chinthu chimene chingawononge zonse tikadali kutsutsana: nthawi. Nkhani za ntchito zimakhala ndi malire aafupi kwambiri. Ku South Africa, mwachitsanzo, wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okha kuti akadandaule ku CCMA, bungwe loyanjanitsa ndi kuweruza mikangano ya pantchito. Dziko lililonse lili ndi malire ake, ndipo kawirikawiri a kuchotsedwa ntchito amasiyana ndi a malipiro otsala. Mayi Nabanda, onani lamulo la kwanuko lero lomwe, werengani kuyambira tsiku limene mnyamata anachoka, ndipo mumupatse tsiku lomaliza pa pepala. Fayilo yake munaitsegula ndinu. Nthawi ikamuthera akudikira inu, mlandu umenewo ndi wanu.

Chachiwiri, tisiyanitse kufotokoza lamulo ndi kupereka uphungu. Kunena kuti lamulo limafuna notisi yotalika mwakuti, dandaulo limakaperekedwa kwakuti, fomu yake ndi iyi, umboni umene amafuna ndi monga mapepala a malipiro ndi mauthenga, kumeneko ndi kufotokoza. Mungathe kupereka pepala limodzimodzi kwa onse awiri popanda kupondereza aliyense. Koma kunena kuti inuyo musatchule zakuti, kapena vomerani ndalama zakuti chifukwa winayo alibe umboni, umenewo ndi uphungu, ndipo mpamene simuyenera kufikapo.

Nangondo:
Nanga bwanji osangowayanjanitsa? Anzathu a Timap for Justice, bungwe la athandizi a zamalamulo ku Sierra Leone, nkhani zambiri zotere amazithetsa pokhazika anthu pansi. Ndalama zimene akukanganirana n'zochepa kuposa zimene loya angalipiritse.

Mbewe:
Kuyanjanitsa ndiye njira yabwino pa nkhaniyi, achemwali, koma mkhalapakati asachokere mu ofesi ya a Nabanda. Akanabwera onse awiri limodzi n'kunena kuti tithandizeni kumvana, bwenzi zili bwino. Koma aliyense anabwera payekha, akuyesa kuti wapeza womuimira. Mkhalapakati amene akudziwa chinsinsi cha mbali imodzi nkhope imamugulitsa. Mayi akanena bodza pa chinthu chimene anaulula kale, mudzatani? Mukakhala chete mwapondereza mnyamata, mukayankhula mwaulula chinsinsi.

M'mayiko ambiri ofesi ya boma yoona za ntchito imayanjanitsa kwaulere nkhani isanafike kukhoti. Ku Britain kuyambira 2014 munthu amayenera kuyamba wadziwitsa bungwe loyanjanitsa la Acas asanakasume ku bwalo la milandu ya ntchito. Fufuzani ofesi yotere kwanuko, mupeze dzina la tebulo lenileni limene munthu akafikire ndi masiku amene amalandira madandaulo.

Nabanda:
Zikomo nonse. Ndayamba kuona njira. Koma ndiwauza bwanji? Mayiwo sakudziwa kuti mnyamata anabwera kuno, mnyamatanso sakudziwa za mayiwo. Ndikangoti pali kusemphana, aliyense adziwiratu.

Chisale, loya:
Akhoza kuganiza okha, zimenezo simungaziletse. Chimene simuyenera kuchita ndi kutsimikiza. Ngakhale zoti munthu anabwera ku ofesi yanu ndi chinsinsi chake. Aitaneni masiku osiyana, asadzakumane pa benchi yodikirira. Mawu akhale ofanana kwa onse: malamulo a ntchito yathu sakutilola kupitiriza ndi nkhani yanu, chifukwa chake sitingathe kuchifotokoza, sikuti nkhani yanu ndi yopanda mutu, ndipo zonse zimene munatiuza zikhalabe zachinsinsi. Akafunsa kuti kodi uja anabwera, yankho n'lakuti sitinena za amene amabwera kapena amene sabwera kuno, monganso sitingauze munthu kuti inu munabwera.

Loya wanu wokuyang'anirani adziwe lero, ndipo aone zimene malamulo a bungwe la maloya kwanuko akunena, chifukwa kwina amalola kupitiriza ndi amene anabwera koyamba ngati mbali zonse zavomera molemba zitamvetsa bwino. Ineyo pa ofesi ya anthu atatu sindingalimbikitse zimenezo. Munthu wosauka amene alibe kwina kopita amasaina chilichonse, ndiye chilolezo chotero n'chokayikitsa.

Kalua:
Pa za kowatumiza, musaganize za maofesi aulere okha. Mnyamata ayambe wafunsidwa ngati ali m'bungwe la anthu apantchito, chifukwa mabungwe amenewa amaimira mamembala awo pa nkhani zotere. Sukulu zambiri zophunzitsa malamulo zili ndi makiliniki kumene ophunzira amathandiza anthu kwaulere moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Bungwe la maloya nalonso nthawi zambiri limakhala ndi mndandanda wa amene amatenga milandu ingapo osalipiritsa.

Mayiwo ndi amene ali pa mpanipani, chifukwa dzina loti bwana limawatsekera makomo ambiri. Kwa anthu otere ine ndimakambirana ndi loya kuti agulitse ntchito yake pang'onopang'ono. Asatenge mlandu wonse, koma ola limodzi lokha la uphungu, kapena kalata imodzi, pa mtengo wogwirizana ntchito isanayambe, zolembedwa kuti akuchita chakuti chokha. Maloya achinyamata ambiri amavomera. Kuti olalo lisathere pofufuza mapepala, munthuyo apite atalemba masiku a zochitika motsatana, mapepala ali m'ndondomeko, mafunso ake atatu kapena anayi ali pamwamba.

Ndipo mtunda usakuopseni. Ife tinagwirizana ndi ofesi ina yakutali kuti tizisinthana nkhani zotere. Iwo amayankhula ndi munthu wathu pafoni, ife ndi wawo. Mapepala amajambulidwa n'kutumizidwa ndi mwini wake, osati ndi ife.

Mbewe:
Ndiwonjezere za pa khomo, kuti zisadzabwerezeke. Munthu asanayambe kufotokoza, mumuimitse mwaulemu: bambo, mayi, musanandiuze nkhani, ndiuzeni kaye amene mukusemphana naye. Lembani dzina lake, dzina limene anthu amamutchula nalo, dzina la bizinesi, ndi nambala ya foni ngati ilipo. Nambala ndi imene imagwira bwino, chifukwa mayina amalembedwa mosiyanasiyana. Kaundula akhale ndi mbali ziwiri, wobwera ndi wodandaulidwa, ndipo pofufuza muziona mbali zonse. Anthu amabwera mtima uli m'mwamba, amafuna kutula zonse nthawi yomweyo, ndiye kuwadula kumaoneka ngati mwano. Mukawauza kuti mukutero pofuna kuteteza chinsinsi chawo chomwe, amamvetsa.

Nabanda:
Ndabweranso kudzanena mmene zayendera. Loya wathu wagwirizana ndi a Chisale, tasiya mbali zonse ziwiri. Mnyamata ndinamupatsa tsiku lomaliza pa pepala, fomu yodandaulira, ndi mapepala ake onse. Kiliniki ya pa sukulu ya malamulo yavomera kuyankhula naye pafoni, ndipo ndinaimba ndekha iye ali pompo kuti amve tsiku loyankhula nawo. Anakhumudwa, osabisa, anandifunsa kawiri ngati abwana ake atilipira. Mayiwo mnzanga anawapezera loya amene wavomera ola limodzi pa mtengo wochepa, adzalipira m'magawo awiri. Mafayilo onse awiri tawamata m'maenvulopu, akusunga ndi loya wathu.

Chatsala n'chimodzi. Pa lipoti la kwa otithandiza ndi ndalama, nkhani ziwirizi ndizilembe kuti zatsekedwa kapena zatumizidwa?

Kalua:
Lembani kuti zatumizidwa, koma musazichotse pa mndandanda wanu mpaka mutatsimikiza kuti anafikadi. Pakatha sabata muimbire aliyense, funso likhale limodzi lokha: munakumana nawo? Za mmene nkhani ikuyendera musafunse, ndipo akayamba kufotokoza muwaletse. Mnyamatayo muimbireni tsiku lomaliza lija lisanakwane.