Ndalama za khonsolo zimapita kuti? Ife tikungofuna mahampu pasukulu

Nachisale wa ku 25:
Moni nonse. Ndili ndi funso kwa amene mumadziwa bwino za kayendetsedwe ka khonsolo. Msewu wa kwathu kuno ku Area 25 mu Lilongwe anauthira tara, tinasangalala ndithu chifukwa fumbi lija linatikwana, koma chiuthirireni magalimoto ndi njinga zamoto zikungothamanga mosaona kuti pali sukulu ya pulaimale pomwepo, ana amawoloka mamawa ndi masana koma palibe hampu olo imodzi, palibe zebra, ngakhale chikwangwani chabe. Mwezi watha mwana wa aneba wa sitandade 2 anagundidwa ndi njinga yamoto, mwayi anangothyoka mwendo koma mpaka lero akuyenda ndi ndodo ndipo mayi ake anasiya geni kuti azimusamala. Nde ndimafunsa kuti ndalama za chitukuko cha mumzinda zimachokera kuti ndipo amasankha ndani kuti chiyambe ndi ichi? Tikadandaule kwa khansala, kwa MP kapena kwa a block leader? Mahampu awiri ndi penti sizingafike ndalama zomwe zinalowa pa tara uja.

Bambo a Tadala:
Pepani mayi ndi ngoziyo, mwanayo achire msanga. Ine ndinakhalako mu komiti ya chitukuko ya mu wodi ndiye ndiyankhe zomwe ndikudziwa. Choyamba dziwani kaye kuti msewuwo ndi wa ndani. Misewu ikuluikulu ngati M1 ili m'manja mwa Roads Authority, pomwe ya m'malokeshoni ndi ya khonsolo. Ndalama zokonzera misewu zambiri zimachokera ku levy ya mafuta imene tonse timalipira pa lita iliyonse, imasonkhanitsidwa ndi Roads Fund Administration, omwenso amatolera pa ma toll gate a Chingeni ndi Kalinyeke, ndipo makhonsolo a mizinda amapatsidwako gawo. Zinazo khonsolo imadzipezera yokha, ma city rates a nyumba ndi mapuloti, ziphaso za m'misika, malaisensi a bizinesi, za parking. Vuto ma rates ambiri salipira, anthu wamba ngakhalenso mabungwe akuluakulu amakhala ndi ngongole zaka ndi zaka, ndiye kochepa kamene kalowako kamathera malipiro, mafuta a malole a zinyalala ndi mabilu.
Kulinso CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la MP, imene inayamba mu 2006, mu bajeti ya 2024/25 inafika K200 million pa constituency iliyonse. Koma kunena zoona ndalama imeneyi imakonda kupita ku zinthu zoti munthu akadule riboni, mdadada wa sukulu, shedi ya msika, kamlatho. Hampu palibe amakaitsegulira ndi magule. Komanso paja kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, anthu tinazolowera kuthamangira kwa MP pa chilichonse, mpaka lero ambiri sadziwa kuti mapulani a mu wodi amayenera kuyambira kwa ife, kudzera kwa a block leader, komiti ya wodi, khansala, kenako kukafika ku full council, msonkhano waukulu wa khonsolo yonse. Lembani kalata, komiti ya sukulu ndi a hedi asayine, makolo asayine, ipite kwa khansala ndipo ina mukasiye ku ofesi ya engineering aidinde. Zapakamwa zimaiwalika.

Kabaza wa pa Biwi:
Amayi pepani, ine ndine wa njinga yamoto ndipo sindikana kuti ena mwa ife amathamanga zopusa, ena alibe laisensi, helementi sakuidziwa, anaphunzirira njinga pa galaundi Loweruka, Lolemba ali kale pa renki. Koma mutimvereko nafenso. Chonde musakamange mahampu a dothi nokha ngati mmene amachitira madera ena, amaunjika mulu wautali wopanda penti wopanda chizindikiro, usiku kulibe magetsi a mumsewu umangozindikira uli pansi ndi kasitomala. Hampu yabwino imakhala yotambalala yopakidwa mizere yoyera. Ndipo ngozi zambiri zomwe ndimaona ine zimayamba ndi ngalande, mvula ikagwa madzi amadya m'mbali mwa tara, oyenda pansi alibe podutsa nde amalowa mumsewu momwemo, ife tikuzemba dzenje minibasi ikuima paliponse. Pitani pa Kenyatta Drive kapena pa interchange ya Area 18 muone kukongola kwake, kenako bwerani Kawale ndi Mchesi nthawi ya dzinja muone komwe anthu ambiri amayenda.

Mayi a ku Chinsapo:
Ine ndilankhula mosiyana pang'ono musakwiye. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika, tsiku ndi tsiku ndimadula chiphaso olo ndisanagulitse kanthu, ndiye ndalama imeneyo kwa ine ikuyenera kuyamba yakonza zimbudzi, madzi ndi kuchotsa zinyalala. Mwaiwala kolera wa 2022 ndi 2023? Mu January 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matenda amenewa ndipo anthu tinaika maliro ambiri. Mulu wa zinyalala ukakhala sabata osachotsedwa ntchentche zake zimatera pa tomato yemweyo amene mumagula inu a ku 25. Sikuti mahampu ndi osafunika ayi, nanenso ndili ndi zidzukulu zimawoloka msewu wa ku Likuni, koma thumba ndi limodzi ndipo aliyense akukokera kwake. Chomwe chimandiwawa ine nchakuti sitiuzidwa kuti msika wathu watolera zingati pamwezi ndipo zabwerera zingati. Atamamata pepala pageti la msika tonse nkumawerenga, anthu sangamazembe chiphaso chonchi.

Bambo a Tadala:
Mayi a ku Chinsapo mwanena zoona ndipo simukutsutsana ndi a Nachisale ayi. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inati makhonsolo azipatsidwa 5 peresenti ya ndalama zomwe boma latolera, koma makhonsolo akhala akudandaula kuti zimabwera zochepa komanso mochedwa, nchifukwa chake timalimbirana zinyenyeswa. Koma nkhani ya hampu ine ndimaiona kuti siyofunika kudikira thumba lina, imayenera kukhala mu kontrakiti ya msewu womwewo kuyambira pachiyambi. Msewu wodutsa pasukulu wopanda powolokera ndi wosatha, kontrakitala asamalandire ndalama yomaliza. A Nachisale mukakumana ndi khansala mufunse ngati nthawi yoti kontrakitala akonze zolakwika inatha kale, ngati isanathe ndi pomwe pali mpata wachangu.

Nachisale wa ku 25:
Zikomo nonse, za kontrakitalazo ndizifunsa. Ndalankhula ndi a hedi, akuti Lachisanu kuli msonkhano wa makolo ndiye kalata tikalembera komweko, ndipo pakali pano makolo awiri awiri tizisinthana kuwolotsa ana mamawa ndi nthawi yowerukira. Achimwene a kabaza, kodi tcheyamani wa renki ya kwathu kuno tingamupeze bwanji? Tikufuna naye abwere ku msonkhanowo, asayine nawo.