Kaphwando ka ana ka ma dinosaur pa holide ya Khrisimasi, ndalama ndi zochepa, ndithandizeni nzeru

Mayi a Tada, Nchalo:
Moni nonse muno. Mwana wanga wachisamba ali sitandade 2 ndiye chiyambire kuonera timakatuni ta ma dinosaur pa foni ya bambo ake palibenso china chomwe amakamba, kudzuka dinosaur kugona dinosaur, ndi abuluzi apakhoma omwe akuti ndi ana a T-rex. Ndiye ndinachita kulonjeza ndekha ndi pakamwa pangapa kuti pa 26 Disembala ndimupangira kaphwando aitane anzake, angakwane mwina 15 ndi a kwa aneba. Ndapatula K40,000 basi ndipo yomweyo ndi ya zakudya ndi zina zonse, zokakwera mapiri kupita ku Blantyre kukagula zokongoletsa ndiye ayi sindingathe. Amene munapangapo zoterezi ndi zinthu zapakhomo tandiuzeni, kutentha kwathu kunoku mukukudziwa, mabaluni amangophulika okha alendo asanafike.

Madamu a ku Ngabu:
Asisi mabaluni asiyeni kaye, mazira a dinosaur muli nawo kale kuchigwa kuno, malambe! Pitani kwa amayi aja amapanga mafirizi a malambe mukapemphe zigoba, amangotaya. Musankhe zomwe zinasweka bwino pakati, mupale ubweya uja chifukwa umayabwa, muikemo maswiti awiri atatu ndi kamtedza, mutseke ndi nyuzipepala yoviika mu phala la ufa wa chinangwa, zikauma mupake laimu ndi timadontho ta makala. Mu phalamo thiranimo mchere pang'ono ndipo muyanike padenga osati pansi, ine zanga za ana a mkalasi theka zinadyedwa ndi mbuzi ndili ku tchalitchi.

Koma chinanso, bwanji mwanayo mumudziwitse dinosaur wakwathu? T-rex uja ankakhala ku North America. Ife tili ndi Malawisaurus, mafupa ake anapezeka ku Karonga, ankakhala zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, wakhosi lalitali mchira wautali ndipo ankadya masamba osati nyama. Dzina lake lonse ndi Malawisaurus dixeyi, loti Malawisaurus analipereka mu 1993 koma loti dixeyi ndi la mu 1928 polemekeza Frank Dixey, katswiri wa miyala amene anatola mafupa kumeneko m'ma 1920. Chigoba chake anachiimika ku museum ya ku Karonga yomwe inatsegulidwa mu 2004. Palinso wina Karongasaurus amene anamutchula dzina ndi mayi wachimalawi Elizabeth Gomani mu 2005, ana aakazi mukawauza zimenezi maso amachita kutong'ola. Ubwino wake Malawisaurus savuta kupanga, makatoni atatu a sopo opempha pa golosale ndiye thupi, khosi mumange ndi bango kapena mapesi a mapira mukulunge chisaka, kamutu kakang'ono ka chigubu cha mafuta, watha. T-rex ndi mano ake aja mungachezere usiku wonse.

Ankolo Fule, Bangula:
Achemwali ine ndikuuzeni za nthawi kaye. Phwando la 12 koloko mu Disembala kunoko ndi chilango, ana alefuka ndipo thobwa lisasa musanagawe. Yambani 3 koloko pansi pa mtengo wa nimu kapena wa bwemba, koma makatoni anuwo akhale pafupi ndi khonde poti mvula ya masiku amenewo siodira.

Masewero omwe anagwira kwa ine chaka chatha ndi okumba mafupa. Ndinatuma anyamata ngolo imodzi ya mchenga, ndinakhuthula pabwalo, ndiye sabata yathunthu isanafike tsikulo ana anga ankaumba mafupa a dongo, nthiti, mano, zikhadabo, monga amaumbira ng'ombe zija, tinayanika ndi kupaka phulusa kuti ziyere. Tsikulo tinakwirira zonse, mwana aliyense kumupatsa supuni ndi mswachi wakutha, ndinati wothyola fupa watuluka. Abale, ana aja anakhala chete ola lathunthu, ndi kamwana kovuta ka kwa aneba komwe kanali kakalikali kupukuta nthiti ndi lilime panja. Ndalama yomwe ndinaononga ndi ya ngolo yokha.

Chimene ndinalakwitsa musachitengere. Ndinati ndiwasangalatse ndinavala chikatoni kumutu ndi masaka thupi lonse nkutulukira kuseri kwa khola ndikubangula. Timakanda tija tinaona ngati chilombo cha gule chatulukira, kunali kulira ndi liwiro, wina anakapezeka kunsi kwa bedi kwawo ndipo agogo ake anabwera kudzandifunsa bwinobwino kuti mwatani nawo ana. Zovalazo apange ndi kuvala ana eni ake, timichira ta nsanza ndi minga ya makatoni pamsana, nkhope zizioneka.

Nachisale_02:
Kkkkk ankolo mwandipha. Pa zakudya mayi musadzivute ndi keke, kutenthaku kirimu amasungunuka. Phikani chigumu chachikulu muchidule ngati dinosaur, minga yapamsana ikhale mango odula makona atatu poti pano ali mbwee. Mpunga ndi nkhuku ziwiri, mafirizi opanga nokha, zitumbuwa. Ndalama yambiri ipite ku nkhukuzo, ana sakumbuka zokongoletsa akatuluka ndi njala. Ndipo madzi akumwa achuluke, muike mumtsuko pamthunzi.

Mjomba wa pa Dyeratu:
Ma dinosaur akewo si ng'ona zomwezi zili mu Shire? Mungowauza ana kuti zilipobe ku Elephant Marsh.

Madamu a ku Ngabu:
Ayi mjomba, ng'ona ndi achibale chabe, ngati asuweni. Ma dinosaur akuluakulu aja anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, otsala ake enieni ndi mbalame. Ndiye nkhuku akunena a Nachisalezo ndiye dinosaur weniweni wa paphwandopo, taonani mapazi ake zala zitatu kutsogolo ndi mamba. Asisi mudule katoni mofanana ndi phazi la nkhuku koma lalikulu ngati lichero, muziwaza phulusa mozungulira kuchokera pageti mpaka pamchenga paja, ana azilondola mapaziwo.

Mayi a Tada, Nchalo:
Takhuta nonse, zigoba ndapempha kale kwa mayi wina wa mafirizi pamsika wati ndikatenge Loweruka. Ndamuonetsa Tada chithunzi cha Malawisaurus pa foni ndiye wayamba zoti tipite ku Karonga, ndamuuza akafunse bambo ake. Koma zoti nkhuku ndi dinosaur sindimuuza mpaka atadya kaye. Ankolo, ngolo ya mchengayo munalipira zingati?