Mfuti ikutsamwa zipolopolo zomalizira: ndilembe kalata yoti yatha ntchito?

Woyang'anira alonda, Nchalo
Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka. Kuntchito kwathu tili ndi mfuti zinayi za m'manja, za Browning Hi-Power, zonse za chilolezo, zimene anyamata operekeza ndalama amanyamula. Loweruka tinapita kokayeserera kuwombera ndipo imodzi inativuta kwambiri. Zipolopolo zoyambirira zimatuluka bwinobwino, koma zikatsala zitatu kapena ziwiri imatsamwa. Ukasuzumira umapeza chipolopolo chazolika mutu, chagunda m'munsi mwa khomo la chamber (kachipinda kamene chipolopolo chimakhalamo powombera), slide (chitsulo cha pamwamba pa mfuti chimene chimayenda kumbuyo ndi kutsogolo) yaima panjira. Kawiri konse inamaliza zonse koma slide sinatsalire kumbuyo monga zimayenera kukhalira magazini, kabokosi kolowetsamo zipolopolo kaja, ikatha. Kamodzi khoko la chipolopolo linapanika potulukira litaima chilili.

Mnyamata amene amaigwira wati sakuifunanso, ndipo ine sindikumuona kulakwa. Amakwera Thabwa ndi ndalama za anthu, ali ndi ana awiri kunyumba. Mabwana akuti ndilembe kalata yoti mfutiyo yatha ntchito. Ndilembe?

Mkulu wopuma ntchito, Ngabu
Musalembe kaye mwana wanga. Ndiyankheni izi: magazini muli nazo zingati, ndipo pamene inkatsamwapo munali iti?

Woyang'anira alonda, Nchalo
Tili nazo 10 bambo. Zonse zimagona m'bokosi limodzi, m'mawa aliyense amangotola ziwiri. Kunena zoona sindingadziwe kuti munali iti, zonse n'zofanana.

Mkulu wopuma ntchito, Ngabu
Ndiye mlanduwu mukuugamula mboni zisanafike. Ine ndasamalira mfuti zaka zambiri, ndipo pa mfuti za mtundu umenewu, ikayamba kutsamwa, woyamba kumukayikira ndi magazini. Mfuti imabwera pambuyo.

Taganizirani mmene zimayendera mkatimo. Mukawombera, slide imathamangira kumbuyo, kutaya khoko, n'kubwerera kutsogolo. Pa kanthawi kochepa kameneko sipuling'i ya m'magazini iyenera kukhala itakankha kale chipolopolo chotsatira kufika pa milomo ya magazini (m'mbali ziwiri za pamwamba zimene zimagwira chipolopolo), chitakhala mowongoka, kuti slide ichitole. Magazini ya Hi-Power imalowa 13. Ikakhala yodzaza, sipuling'i imakhala yopanikizika kwambiri ndiye mphamvu ilipo ngakhale yakalamba. Zipolopolo zikamachepa, sipuling'i imatambasuka, mphamvu yake imachepa. Yatsopano imakhalabe ndi yokwanira mpaka chomaliza. Yotopa imachedwa, slide imafika chipolopolo chisanakhazikike, ndiye chimazolika. N'chifukwa chake vuto lanu likubwera kumapeto osati koyambirira.

Za slide yosatsalira kumbuyo ndi nkhani yomweyo. Kachinthu kamene zipolopolo zimakhalapo, follower, ndi kamene kamakankha chotsekera slide magazini ikatha. Sipuling'i ikafooka, kapena follower ikadyeka pakona pake, sikakankha mokwanira.

Chitani izi musanachite china chilichonse: lembani manambala pansi pa magazini iliyonse, 1 mpaka 10. Mutenge kope. Magazini iliyonse muiyese mu mfuti yokayikiridwayo, kenako mu ina imene simunaionepo vuto. Kutsamwa kulikonse mulembe nambala ya magazini, nambala ya mfuti, wowombera, ndiponso kuti kunatsala zingati. Vuto likamatsata magazini kulikonse kumene yalowa, mwampeza wolakwa. Likakakamira mfuti imodzi ndi magazini zonse, pamenepo tikambe za mfuti.

Mlonda wa nyama zakutchire, Chikwawa
Zoona zimenezo bambo. Koma achimwene a ku Nchalo, manambalawo musalembe ndi maka wamba. Kuno kutentha kwa Okutobala thukuta limafufuta sabata isanathe. Ine ndimagwiritsa ntchito kyutekisi woyera, amakhala miyezi. Anzanga aamuna ankaseka poyamba, lero amabwera kudzapempha kabotolo.

Funso langa ndi ili: magazinizo munazitsegula liti komaliza? Ndipo mkati mumathiramo mafuta?

Woyang'anira alonda, Nchalo
Achemwali, chiyambireni ntchito kuno sindinaonepo magazini ikutsegulidwa. Mfuti timatsuka sabata iliyonse. M'magazini anyamata amadonthezera mafuta pamwamba kuti zisachite dzimbiri.

Mlonda wa nyama zakutchire, Chikwawa
Mayo ine. Siyani lero lomwe. Inu muli pakati pa minda ya nzimbe, nyengo ino akuwotcha, phulusa lija limagwa ngati mvula mpaka m'matumba a malaya. Onjezani fumbi la m'misewu yathu. Zimenezo zikakumana ndi mafuta mkati mwa magazini zimasanduka phala lakuda, follower imayenda mokakamira ngati njinga m'matope a ku dimba. Mkati mwa magazini muzikhala mouma. Ngati mukuopa dzimbiri, pukutani sipuling'i ndi kansalu kamene kangonunkhiza mafuta, kenako pukutaninso ndi kouma. Mafuta ambiri amathanso kulowerera m'zipolopolo n'kuziwononga.

Ndipo potsegula, zipolopolo zonse zikhale chipinda china. Mfuti muchotse magazini, mukoke slide, muyang'ane chamber ndi maso, mupisemonso chala. Pochotsa chotsekera cha pansi pa magazini phimbani ndi chala chachikulu ndipo nkhope ikhale kumbali, sipuling'i imadumpha.

Mlonda wachinyamata, Bangula
Mabwana, pepani ndilowererepo. Kumene ndinkagwira kale, sipuling'i ikafupika tinkangoikoka ndi manja kuti italike, n'kuibwezera. Zinkatheka ndithu. Komanso amatiuza kuti madzulo aliwonse tizichotsa zipolopolo zonse kuti sipuling'i ipume. Kodi si choncho?

Makaniko wa magalimoto a alonda, Nsanje
Achimwene, ine za kuwombera sindilowamo, koma chitsulo ndimagwira tsiku ndi tsiku. Sipuling'i mukaikoka ndi manja imatalikadi, koma mwaipitiriza malire ake. Ioneka ngati yachira masiku owerengeka kenako ibwerera pomwe inali, mwina kuposa pamenepo, ndipo tsiku lobwereralo simulidziwa. Tengani waya wa mpanda, mupinde, muwongole, mupinde, muwongole. Muona chimene chichitike pamalo opindawo.

Nkhani yopumitsa ija ndi yomweyo. Chimene chimatopetsa sipuling'i yabwino kwambiri ndi kupanikizika ndi kumasuka kobwerezabwereza. Galimoto imene yaima ndi katundu woyenera sipuling'i zake sizitha msanga ngati ija yoyenda tsiku lililonse m'mabampu a ku East Bank. Ndiye kudzaza m'mawa, kukhuthula madzulo, chaka chonse, ndi ntchito imene mukuipatsa sipuling'i, si tchuthi ayi.

Mkulu wopuma ntchito, Ngabu
Amakaniko alankhula bwino, koma ndiwonjezepo chifukwa mwana wa ku Bangulayu sananame kuti anthu amaphunzitsidwa choncho. Malo ambiri kukhuthula madzulo ndi lamulo la armoury, kosungira mfuti, loti zipolopolo ziwerengedwe pobweza. Lamulo limenelo ndi labwino ndipo musaliphwanye chifukwa cha zimene mwawerenga pano. Chofunika n'kudziwa kuti likudya sipuling'i, ndiye muziika m'bajeti kuti sipuling'i ndi chinthu chosinthidwa, ngati matayala.

Chinanso pa kukhuthula komweko. Chipolopolo chimene chimakhala pamwamba n'kumalowetsedwa mu chamber tsiku ndi tsiku chimagunda pakhomo paja nthawi zonse. Pang'onopang'ono mutu wake umalowa mkati mwa khoko, chimafupika. Chotero chimatsamwitsa, komanso n'choopsa chifukwa mphamvu ya mkati powombera imakwera. Muziimike patebulo zonse mondandalika. Chimene chafupika kuposa zinzake chichotsedwe, chilembedwe m'buku.

Ndipo mwana wanga wa ku Bangula, pulayala isayandikire milomo ya magazini. Ndaona anthu akuifinya kuti ibwerere. Diso la munthu silingayeze mpata umenewo.

Mlonda wachinyamata, Bangula
Ndamva bambo, zikomo pondiwongola. Nanga milomoyo munthu angaidziwe bwanji kuti yatha?

Mkulu wopuma ntchito, Ngabu
Ikani pambali pa ina yabwino, muyang'ane kuchokera pamwamba pa kuwala. Yotha imaoneka yayasama. Yang'ananinso kumakona akumbuyo, ndi kumene ming'alu imayambira, nthawi zina yaing'ono ngati tsitsi. Kenako idzazeni, muimenye pansi pake pachikhatho pang'ono. Chipolopolo chikadumpha chokha, yatha imeneyo. Milomo yoyasama ndi imene imabweretsa vuto lija loti ziwiri zifune kulowa nthawi imodzi, ndipo limenelo ndi lovuta kulichotsa mwachangu. Kawirikawiri zimayamba ndi kugwetsa magazini pa simenti chamutu.

Wophunzitsa kuwombera, Dyeratu
Ndachedwa kulowa, netiweki inavuta. Zonse ndagwirizana nazo, koma khoko lopanika lija mwalidumpha. Limenelo nthawi zambiri si la magazini. Yang'anani zitatu. Kagwiridwe: dzanja likakhala lolobodoka, mfuti yonse imabwerera m'mbuyo pamodzi ndi slide, ndiye slide siifika kumapeto. Ndimaziona kwambiri masana dzuwa likafika pamutu, manja ali thukuta lokhalokha, munthu watopa. Kenako kambedza kokoka khoko, extractor: pansi pake pamadzadza litsiro, ndipo kali ndi kasipuling'i kakekake kamene kamatopanso. Chomaliza ndi zipolopolo zofooka, makamaka zimene zinanyowapo. Amene zinthu zawo zinalowa madzi nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 akudziwa.

Musaiwalenso sipuling'i yobwezera slide. Hi-Power inatuluka koyamba mu 1935, ndipo zambiri zimene zili m'manja mwathu n'zakale ndithu. Ndani akudziwa kuti sipuling'i imeneyo inasinthidwa liti? Ikafooka, slide imamenya kumbuyo mwamphamvu, makoko amagwera kutali kuposa a mfuti zinzake, ndipo pobwerera nthawi zina siitseka mpaka kumapeto. Ikakumana ndi magazini yotopa, zofooka ziwiri zimathandizana kukuvutitsani.

Chenjezo limodzi kwa anyamata anu tsiku loyesalo. Timawaphunzitsa kuti ikatsamwa amenye magazini pansi, akoke slide, apitirize. Koma akamva kulira kofooka, ngati kaphulika pang'ono chabe, mfuti osagwedezeka monga mwa masiku onse, aime pomwepo. Mwina chipolopolo chatsakamira mumpope. Kuwomberanso pamenepo mpope ukhoza kuphulika m'manja.

Woyang'anira alonda, Nchalo
Akuluakulu, ndabweranso patatha masiku asanu ndi anayi. Ndinachita monga munanenera, kyutekisi ndinabwereka kwa mayi akunyumba.

Titatsegula magazini, achemwali a ku Chikwawa, munali ngati munaona. Phala lakuda, lomata, mwina mpaka timitengo ta udzu. Nsalu zitatu zinada bii. Titatsuka zonse n'kuumitsa, tinayala masipuling'i 10 patebulo motsatana. Ya nambala 3 inali yofupika kuposa zinzake pafupifupi chala chimodzi chopingasa, ili ndi madontho a dzimbiri pakati. Nambala 7 sipuling'i inali bwino, koma pakona yakumbuyo ya mlomo wakumanja panali mng'alu. Ndinauona nditaunika ndi tochi ya foni, ndi maso okha sindikanauona.

Kokayesa, nambala 3 inatsamwitsa mfuti zonse zinayi, nthawi zonse kumapeto. Nambala 7 inalavula chipolopolo pachikhatho monga munanenera bambo a ku Ngabu, sitinaiyesenso n'komwe. Mfuti imene tinkati yatha ija inamaliza magazini zina zisanu ndi zitatu osatsamwa chipolopolo ngakhale kamodzi. Koma aphunzitsi a ku Dyeratu, inunso munalondola: makoko ake ankagwera kutali kwambiri kuyerekeza ndi zinzake, ndipo khoko linapanikanso kamodzi ngakhale ndinkawombera ndine, nditagwira zolimba. Pansi pa kambedza tinapeza litsiro louma gwa. Titachotsa silinapanikenso.

Kalata ndalemba, koma yopempha magazini ziwiri zatsopano, masipuling'i a magazini zotsalazo, ndi masipuling'i obwezera slide a mfuti zonse zinayi, kudzera kwa wogulitsa wovomerezeka. Mfuti ija ikhala mu armoury mpaka sipuling'i yake ifike. Funso latsala ndi loti nambala 3 ndi 7 ndizitani.

Mkulu wopuma ntchito, Ngabu
Nambala 7 isabwererenso m'bokosi, ngakhale tsiku limodzi. Ilembedwe m'buku kuti yachotsedwa, itsekeredwe payokha, ndipo iwonongedwe mabwana akasainira, pali mboni. Mukaisunga pafupi, tsiku lina magazini zidzapelewera, wina adzaitola mwachangu m'mawa kusanache. Pogula zatsopano funsani za Mec-Gar, za ku Italy, ndi zodalirika pa Hi-Power. Zotchipa zopanda dzina zisiyeni.

Wophunzitsa kuwombera, Dyeratu
Nambala 3 ngati thupi lake ndi milomo zili bwino, sipuling'i yatsopano ikhoza kuidzutsa, koma iyambe yadutsa mayeso kangapo isanapite pamsewu. Pakadali pano ipakeni penti yofiira pansi ponse. Hi-Power yambiri siigwetsa hamala, kachitsulo komenya kuti chipolopolo chiphulike, popanda magazini mkati, ndiye yofiirayo muziphunzitsira kagwiridwe ndi kakokedwe ka trigger, kokoka ndi chala powombera kaja, popanda zipolopolo.

Woyang'anira alonda, Nchalo
Ndapaka kale, ikuuma pawindo. Ndagawanso magazini kuti mfuti iliyonse ikhale ndi zake ziwiri zodziwika, zolembedwa m'buku pamodzi ndi tsiku lotsukira, mwezi uliwonse, ndipo nyengo yowotcha nzimbe kawiri pamwezi. Mnyamata uja anaimirira pambali panga tsiku lonse loyesa, kope linali m'manja mwake, ndi amene ankalemba. M'mawa uno wabwera kudzafunsa kuti sipuling'i ifika liti, ndipo wapempha kuti mfuti yake ikabwerera ndimusungire nambala 2 ndi 5.