Mbumba ya Agogo Nabanda: njerwa aumbe ndani?

Lachiwiri madzulo

Esnart Msungichuma: Mwaswera bwanji nonse. Za nyumba ya agogo zafika apa. Tinagwirizana anthu 14, aliyense K60,000. Amaliza ndi 5, atatu apereka theka. M'thumba muli K390,000. Enanu mukudzidziwa, lero sinditchula maina.

Esnart Msungichuma: Mmisiri akuti njerwa zikufunika 9,000, ndipo uvuni upse September asanathe. Tikachedwa mvula itipeza khoma lili m'chiuno.

Mayi Aang'ono: Mng'alu uja wakula. Dzulo ndinapisa dzanja mpaka linatulukira kunja. Chisefukireni Dwangwa mu February 2024 khoma la kuchipinda silinalimbenso, mukagogoda m'munsimu dothi likumayoyoka. Amayi akugona pabalaza tsopano.

Alamu a ku Mzuzu: Ambuye akhudze mitima 🙏

Esnart Msungichuma: Alamu, akhudzenso Mpamba wanu.

Malume Akulu: Ndalama za njerwa ZACHIYANI? Dothi lili pachulu paja. Madzi ali pamjigo. Chikombole chilipo. Pakhomo pali anyamata anayi amphumphu, Yamikani, Shaibu ndi awiri a kwa mlongo wanga. Mayeso analemba anatha. Akudikira chiyani?

Malume Akulu: Pa wailesi dzana amakambirana zoti mwana aliyense akamaliza Fomu 4 aziyamba wakatumikira dziko chaka chathunthu, afune asafune. Ine ndati EYA. Zikanayamba dzulo. Mwambo unatha m'dziko muno.

Yamikani: Malume mwaswera bwanji. Ife sitikukana kuumba. Koma Loweruka lapitali tinali kotuta mchenga wa buloko ya kusukulu, amfumu anati nyumba iliyonse munthu mmodzi, wojomba alipira nkhuku. Sabata inayo tinali kumanda kukumba, kawiri. Zonsezo zaulere. Tsopano njerwa 9,000 zaulerenso?

Malume Akulu: Ndiye chitukuko chimenecho. Ukufuna amfumu akulipire pomangira sukulu azibale ako?

Shaibu: Ine ndikajomba kunyanja usiku umodzi bwana wa chilimira amaika wina pamalo panga. Mwera wangoleka kumene, usipa wayamba kugwidwa. Ndisiye zimenezo ndizikaponda matope sabata zitatu, sopo ndigula ndi chiyani?

Malume Akulu: Ife ku Payoniya tinkadzuka tambala asanalire. Kuthamanga, pelete, kenako kumunda. Ndinaphunzira ku Nasawa ine, ku Zomba. Umisiri wa matabwa umene ndakulererani nawo nonsenu ndinautenga kumeneko. Umodzi, kukhulupirika, kumvera, kusunga mwambo. Ngodya zinayi. Youth Week ikafika tinkalambula misewu, kumanga timilatho, kukonzera nkhalamba nyumba. Palibe ankafunsa za sopo.

Tadala: Agogo malume, ntchito yokakamiza yosalipidwa ili ndi dzina lake kuno kwathu. Thangata. Chilembwe mu 1915 china chimene anakwiya nacho ndi chimenecho.

Malume Akulu: Mayi a Tadala, mwana wanuyu mumuuze. Thangata inali ya azungu m'maesiteti mwawo. Iyi ndi nyumba ya MAYI ANGA.

Mayi a Tadala: Tadala pepesa kwa agogo ako.

Tadala: Pepani agogo. Ine ndimanena za wailesizo, osati za nyumba.

Mayi Aakulu: Achimwene, za Payoniya musatikumbutse zonse. Matabwa tikuvomera. Koma anthu ankabwezedwa pachipata cha msika ndi pokwera basi chifukwa cha khadi la chipani, ena ndi mwana wodwala kumsana. Tinalipo ifenso nthawi imeneyo, maso tinali nawo.

Malume Akulu: Amenewo anali a Youth League. Musamasakanize.

Mayi Aakulu: Mmm.

Alamu a ku Mzuzu: Kodi mpunga wa kilombero wafika pa zingati kumeneko? Ndikufuna thumba limodzi, munditumizire pa basi.

Mayi Aang'ono: Wa ku Bua wabwino ulipo koma wakwera. Ndikufunsirani mawa.

Esnart Msungichuma: Alamu, ya mpunga ilipo eti.

Lachitatu m'mawa

Aphunzitsi: Ndawerenga zonse usiku, netiweki inavuta. Malume sakunama kuti maiko ena ali nazo. Ku Tanzania kuli JKT, gulu la achinyamata otumikira dziko, kuyambira 1963, chaka chomwecho chimene Payoniya inayamba kuno. Ku Nigeria kuyambira 1973 womaliza yunivesite amatumikira chaka chimodzi, kawirikawiri kudera limene si kwawo. Koma onsewo boma limawapatsa yunifomu ndi kangachepe ka pamwezi. Sangokuuza kuti pita ukagwire, za m'mimba uone wekha. Malume, ku Nasawa nsima munkagula nokha?

Malume Akulu: Tinkadya za boma. Nanga tinali ana a ndani?

Yamikani: 😂😂

Malume Akulu: Ukuseka chiyani iwe?

Aphunzitsi: Mfundo yanga ndi yomweyo. Chaka chilichonse ana olemba MSCE amaposa 100,000. Muwagoneke kuti, muwadyetse chiyani, m'dziko limene mabuku m'kalasi ana amagwirizira atatu atatu? Ku Rwanda anasankha zina, Loweruka lomaliza la mwezi aliyense amatuluka kukagwira ntchito ya m'mudzi mpaka masana, amati umuganda, ndipo akuluakulu a boma amagwira nawo khasu. Ifenso mu November 2020 a Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi. Ndani wa inu anagwira tsache mwezi wathawu?

Mayi a Tadala: Kuno ku Area 25 tinasesa miyezi yoyambirira ija basi.

Malume Akulu: Chifukwa panalibe CHIKWAPU. Ndi zimene ndikunenazo. Mwambo unatha m'dziko muno. Munthu wa lero ukamunyengerera sagwira ntchito.

Shaibu: Madzi atasefukira kuno palibe anatikwapula. Tinatenga mabwato tokha kukachotsa anthu m'mitengo ndi pamadenga, usiku. Agogo ndinawabereka ine mpaka kumsewu wa M5. A m'tauni munatumiza zithunzi za manja opemphera.

Esnart Msungichuma: Shaibu ine ndinatumiza ufa ndi mabulangete, usatiphatikize tonse.

Shaibu: Inu ayi achemwali. Ena.

Achimwene a ku Joni: Moni moni abale. Zanga zibwera kutha kwa mwezi, randi yavuta pang'ono.

Esnart Msungichuma: Mwezi wake uti achimwene? Uthenga womwewu ndili nawo wa June.

Mayi Aakulu: Esnart, modekha.

Esnart Msungichuma: Ndadekha amayi. Kungoti pa chiliza cha agogo aamuna tinadekhanso, mapeto ake mukuwadziwa amene anagulitsa mbuzi.

Aphunzitsi: Zimenezo tinakambirana zinatha.

Esnart Msungichuma: Zinatha pakamwa.

Alamu a ku Mzuzu: Abale mpira wa Bullets ndi Noma Lamlungu ndani akuonera? Chaka chino Manoma sakuseka ndi munthu.

Yamikani: Alamu Maule akukwapulani ngati kale 😂

Shaibu: Ine ndili ku Nyerere mpaka kufa.

Mayi Aang'ono: Inu mukukamba za mpira amayi akutsokomola usiku wonse ndi mphepo yolowa pamng'alu. Ndatsekapo ndi chiguduli. Mundiuze chimodzi, njerwa ziumbidwa kapena ayi?

Malume Akulu: ZIUMBIDWA. Lolemba anyamata onse pachulu 5 koloko. Ndikhala pompo ndi mpando wanga. Ine ndine mwini mbumba, ndalankhula.

Yamikani: Anyamata onse kutanthauza ndani malume? Tadala ali pa holide. Junior wa achimwene a ku Joni ali ku Lilongwe akungosewera pa foni. Ana a aphunzitsi awiri atsekera. Kapena kutumikira ndi kwa ife otsala kumudzi basi?

Mayi a Tadala: Tadala akuphunzira ntchito pa ofesi ina mpaka sukulu itsegulidwe, sangachoke. Komanso ndi mtsikana, aponda bwanji matope?

Mayi Aang'ono: Madzi oumbira njerwa amatunga ndi atsikana, mayi a Tadala. Ndowa sisankha wa ku yunivesite.

Aphunzitsi: Anga ali pa makalasi a patchuthi, wamkuluyo alemba JCE chaka chamawa.

Shaibu: Mwaona malume? Lamulo la wailesilo likadzabwera zidzakhala chonchi. Mwana wa bwana adzapeza kalata ya dokotala, ife a kwa Kanyenda ndi amene tidzakwere lole.

Malume Akulu: M'nthawi yathu kunalibe zimenezo.

Mayi Aakulu: Kunalibe? Kamuzu Academy ku Mtunthama inatsegulidwa 1981, ana ankaphunzira Chilatini kumeneko inu mukulima thonje. Anapita ku Nasawa angati mwa amenewo?

Malume Akulu: Mlongo wanga lero wandidzukira.

Tadala: Agogo funso limodzi lokha, mwaulemu. Payoniya itathetsedwa mu December 1993, asilikali atalanda zida pa Operation Bwezani, anzanu ena aja sanakagone pa Memorial Tower ku Area 18 zaka zapitazi kufuna ndalama zawo za ntchito? Ngati kunali kutumikira kwaulere ankalonjerera chiyani?

Malume Akulu: Amenewo anali olembedwa ntchito. Thukuta lawo. Munthu wagwira ntchito zaka 20 umuthamangitse chimanjamanja?

Yamikani: Thukuta 🙏 Mawu amenewo malume ndawasunga.

Malume Akulu anatumiza uthenga wa mawu, mphindi 6

Esnart Msungichuma: Malume bandulo yanga siyokwana mphindi 6. Wina amvere atiuze.

Aphunzitsi: Akuti mwambo unatha. Akutinso Tadala asadzawapatse moni pa Khirisimasi.

Mayi a Tadala watuluka m'gulu

Mayi Aakulu: Esnart mubwezeremo m'bale wakoyo. Amatero akakwiya.

Esnart Msungichuma: Ndiwabwezera akamaliza theka latsala lija. Ndikuseka. Ndawabwezera.

Lachinayi

Esnart Msungichuma: Tamverani, ndawerengetsa usiku. Aganyu akunja akufuna K25 pa njerwa, ndiye K225,000, nkhuni ndi ngolo osawerengera. Tikatero ya simenti ndi malata palibe. Maganizo anga ndi awa. Anyamata athu aumbe pa K12 njerwa imodzi, zikwana K108,000, agawane anayi. Ufa, nyemba ndi shuga wa phala zichoke m'thumba. Amene sanapereke kalikonse pofika pa 31, atumize mwana wake adzatute madzi ndi kusanja uvuni sabata imodzi, thiransipoti yake yomwe.

Yamikani: K15 achemwali. Chikombole chake ndi cha ziwiri ziwiri, msana umachita kuyaka.

Esnart Msungichuma: K13. Ndi agogo ako omwe, usaiwale.

Shaibu: Ine ndivomera ngati tiziyamba m'mawa kuweruka 11 koloko, ndigoneko pang'ono ndisanapite kunyanja. Lachisanu ndikhala ku juma.

Mayi Aang'ono: Lamlungu anga ali kutchalitchi. Ndiye masiku ndi asanu pa sabata.

Malume Akulu: Kulipira mwana kuti amangire agogo ake nyumba. Ndafika poona zimenezi ine. Bambo anga akanamva akanagwa nacho chikomokere.

Mayi Aakulu: Achimwene, inu K60,000 yanu ili mbali iti pa mndandanda wa Esnart?

Malume Akulu: Ine ndipereka zitseko ziwiri ndi mafelemu a mawindo. Ndipala ndekha ndi manja angawa. Matabwa ndili nawo kale.

Esnart Msungichuma: Ndalemba. Zitseko 2, mafelemu 3, Malume Akulu. Matabwa ake asakhale aja anatsala pa denga la kukhitchini, amene aja ndi a gulu kale.

Malume Akulu: Esnart ndinakunyamula uli khanda iwe.

Aphunzitsi: Ine ndimaliza theka langa malipiro akalowa. Komanso wamkuluyo ndimutumiza sabata yomaliza ya tchuthi, adzaone kumene mchombo wa bambo ake unakwiriridwa. Yamikani, zotsatira zikatuluka tikambirane za kosi ya zomangamanga ku Salima Technical, kapena za TEVETA zikalengezedwa. Ngati ukuumba njerwa 9,000 kuli bwino udziwenso kuziyala.

Yamikani: Fizi yake adzalipira ndani aphunzitsi? Gulu lomweli? 😅

Esnart Msungichuma: Imodzi imodzi chonde. Timalize kaye khoma.

Mayi a Tadala: Tadala abwera Loweruka ndi Lamlungu lokha, adzatunga madzi. Koma asadzamunene.

Malume Akulu: Abwere ndi chitenje. Buluku pakhomo pa mayi anga ayi.

Tadala: Lamulo loletsa akazi mabuluku linatha 1993 agogo.

Mayi Aakulu: Tadala, khala chete kamodzi.

Alamu a ku Mzuzu: Ndatumiza K20,000 pa Airtel Money, onani. Za mpunga zija musaiwale.

Esnart Msungichuma: Yafika K20,000 yosaphatikiza yochotsera. Yatsala K40,000 alamu. Achimwene a ku Joni uthenga mwawerenga, mizere yabuluu ndikuiona. Junior abwera liti?

Mayi Aang'ono: Amfumu alengeza kuti Lolemba ndi tsiku la miyala ya kusukulu, nyumba iliyonse munthu mmodzi. Ndiye pachulu ayambe Lachiwiri, apo ayi tikonzeretu nkhuku.

Malume Akulu: Amfumu ndilankhula nawo ine. Ndi mwana wa dzana uyo.

Yamikani: Chikombole ndachipeza koma thabwa limodzi lathyoka, malume mutikhomere. Nanga wilibala ija inapita kudimba mwezi wa May ili kwa ndani? Popanda imeneyo dothi sitituta.

Mayi Aang'ono: Funsani amene analima tomato chaka chino.

Esnart Msungichuma: Achimwene a ku Joni?